Mabuku Akale ndi Anthu Owasunga

M'midzi ya ku Chikwawa ndi ku Nsanje, mkulu wa pabanja akamwalira, abale ake amatsegula bokosi lake lachitsulo kuti agawane za m'katimo. Malaya amapeza mwini, khasu ndi nkhwangwa zimapeza mwini, ngakhale kapu yothyoka chogwirira imapeza mwini. Koma pansi pa bokosilo kawirikawiri pamatsala kabuku kothothoka chikuto, ka masamba ofiirira, kamene palibe wokalimbirana. Ana amang'amba masamba ake kukakulungira mchere, agogo amatengako ena kupichira fodya, ndipo otsalawo chiswe chimamaliza. Mwezi usanathe kabukuko kulibenso.

Ku Ulaya ndi ku America kuli anthu amene amachita zosiyana ndi zimenezi. Iwo amayenda m'mizinda kufunafuna mabuku a olemba masewero ndi alakatuli akale a ku England, makamaka mabuku amene anasindikizidwa poyamba penipeni. Amafuna ndakatulo za Geoffrey Chaucer zimene William Caxton anasindikiza cha m'ma 1476, masewero a Ben Jonson a 1616, ndi buku la John Milton lotchedwa Paradise Lost la 1667. Buku limodzi lotere amaligula ndi ndalama zokwanira kumanga masukulu angapo. Munthu wa kuno akamva zimenezi akhoza kuseka, nanena kuti ndi misala ya anthu okhuta. Nkhani ino iyesa khalidwe limeneli, kuti wowerenga aone pamene pali nzeru ndi pamene pali kudzitama chabe, ndiponso kuti adziwe ngati chigwa cha Shire chili nawo mabuku ake oyenera kuwasunga chomwecho.

Buku limene linapulumutsa masewero

William Shakespeare anabadwa m'chaka cha 1564, namwalira mu 1616. Iye analemba masewero kuti anthu awaonere ndi maso, ndipo pamene anamwalira, masewero ake ambiri anali asanasindikizidwe. Anali pa mapepala olembedwa pamanja, m'manja mwa gulu la anzake osewera nawo. Awiri a iwo, John Heminges ndi Henry Condell, anasonkhanitsa mapepalawo, ndipo mu 1623 munatuluka buku lalikulu la masewero 36. Angerezi amalitcha First Folio, chifukwa pepala lililonse losindikizirapo linapindidwa kamodzi kokha, motero masamba ake ndi aakulu.

Mwa masewero 36 aja, 18 anali asanaonekepo m'buku lina lililonse. Pakati pa amenewo pali Macbeth ndi Julius Caesar, masewero amene ana ambiri a m'masukulu a sekondale mu Afrika anawawerenga ndi kuwalembera mayeso. Anthu awiri aja akadachita ulesi, masewero amenewa akadatayika monga momwe nthano zimatayikira gogo akamwalira. Apa mpamene payambira ulemu umene anthu amapereka kwa buku limeneli, ndipo ulemuwo ndi woyenera.

Anthu ophunzira amati mabuku otere anasindikizidwa pafupifupi 750, ndipo odziwika kuti alipobe ndi pafupifupi 235. Pa nthawi imeneyo buku lomangidwa bwino linali kugulidwa ndi paundi imodzi. M'chaka cha 2020, buku limodzi linagulitsidwa ku New York pa mtengo wa madola pafupifupi mamiliyoni 10.

Mmene mabuku amatayikira

Wowerenga asaganize kuti Angerezi anabadwa odziwa kusunga mabuku. Iwonso anataya zambiri, ndipo anazitaya m'njira zimene munthu wa ku Ngabu kapena ku Bangula angazizindikire msanga.

Panali munthu wina dzina lake John Warburton, amene anamwalira mu 1759. Iye anasonkhanitsa masewero akale oposa 50 olembedwa pamanja. Mwini wakeyo analemba kuti chifukwa cha kusasamala kwake, wophika wa panyumba pake anatenga mapepalawo, ena nakolezera moto, ena nayala pansi pa zakudya pophika. Pa mulu wonsewo panatsala masewero atatu okha. Ambiri amadzudzula wophikayo, koma mlandu waukulu uli pa mbuye wake, pakuti wantchitoyo anaona mapepala akale basi, ndipo panalibe womuuza kuti ndi chuma.

Ngakhale anthu ophunzira analakwa. Nyumba yaikulu ya mabuku ya ku Oxford, yotchedwa Bodleian, inalandira First Folio mu 1624. Patapita zaka 40, masewerowo atasindikizidwanso kachitatu, buku lakale lija linachotsedwamo, poti latsopano linaoneka lokwanira. Linadzapezekanso mu 1905 m'manja mwa banja lina, ndipo mu 1906 anthu anachita kusonkha mapaundi 3,000 kuti alibwezere kwawo. Akulu anati mawu a akulu akoma akagonera. Chimene chinaoneka chachabe mu 1664 chinasanduka cholirira patapita mibadwo isanu ndi iwiri.

Osunga awiri

Kuti khalidwe losunga mabuku liweruzidwe bwino, nkofunika kuyang'ana anthu awiri amene analichita mosiyana.

Woyamba ndi Henry Clay Folger wa ku America, mkulu wa kampani ya mafuta. Iye ndi mkazi wake Emily anagula mabuku a First Folio okwana 82. Kwa zaka zambiri mabukuwo anali m'mabokosi otsekedwa m'nyumba zosungira katundu, ndipo ophunzira ofuna kuwaona sanali kuwapeza. Kugula kwake kunakwezanso mitengo, kotero kuti masukulu osauka sakanathanso kupikisana naye. Ichi ndi cholakwa chachikulu cha osunga mabuku ambiri: amaliyesa buku ngati ng'ombe ya m'khola yowerengera ulemerero, naiwala kuti linalembedwa kuti liwerengedwe. Munthu wotere amafanana ndi mlimi wosunga mapira m'nkhokwe chaka ndi chaka, osadya, osafesa, kungokondwa kuti nkhokwe njodzaza.

Komabe mlandu wa Folger sukuthera pamenepo. Asanamwalire mu 1930 anayamba kumanga nyumba ya mabuku ku Washington, imene inatsegulidwa mu 1932. Pamenepo panaoneka phindu limene ngakhale omuseka sanaliyembekeze. Munthu wina wophunzira, Charlton Hinman, anayerekeza mabuku ambiri a m'nyumbamo tsamba ndi tsamba, ndipo mu 1963 anaonetsa poyera mmene amasiyanirana. Osindikiza a nthawi ija anali kukonza zolakwa ntchito ili m'kati, koma masamba olakwika sanali kuwataya. Anali kuwasokera pamodzi ndi okonzedwa. Munthu wokhala ndi buku limodzi sakanadziwa zimenezi. Kunafunika mabuku ambiri pamalo amodzi kuti mawu oyenera asiyanitsidwe ndi zolakwa za osindikiza. Tsono nkhokwe ija inadzakhala yothandiza pamene chitseko chake chinatsegulidwa.

Wachiwiri ndi Sir George Grey, amene anali kazembe wa boma la Angerezi ku Cape kuyambira 1854 mpaka 1861. Mbiri yake ya ulamuliro ili ndi zowawa zambiri, makamaka kwa Axhosa amene anataya dziko lawo pa nthawi yake, ndipo mabuku sangafafanize zimenezo. Koma pa nkhani ya kusunga mabuku anachita chinthu choyenera kuchiganizira. Iye anagula First Folio ndi mabuku ena akale a ku Ulaya, nasonkhanitsanso timabuku toyamba ta m'zinenero za mu Afrika: ta galamala, ta mndandanda wa mawu, ta nyimbo, ngakhale mapepala olembedwa pamanja. Mu 1861 anapereka zonsezi ku nyumba ya mabuku ya ku Cape Town, ndipo Wilhelm Bleek, katswiri wa zinenero, anazisamala kufikira imfa yake mu 1875. M'nyumba imodzi munagona Shakespeare ndi timabuku tosaoneka bwino ta m'zinenero za anthu akuda. Zaka zaonetsa kuti timabukuto n'tosowa kuposa Shakespeare, pakuti First Folio alipo oposa 200, pamene tina mwa timabukuto tatsala towerengeka ndi zala.

Mabuku oyamba a chigwa cha Shire

Chinenero chimene lero chimatchedwa Chichewa chinayamba kulembedwa m'malo angapo, ndipo amodzi a malowo ndi chigwa chomwechi. David Livingstone anakwera mtsinje wa Shire mu 1859, nafika kwa mfumu Chibisa pafupi ndi Chikwawa. Buku limene iye ndi mbale wake Charles anatulutsa mu 1865, lonena za ulendo wa pa Zambezi ndi mitsinje yothiramo, limafotokoza Amang'anja olima thonje, oomba nsalu ndi osula zitsulo. Ndi umboni wa mtengo wapatali, koma wowerenga akumbukire kuti ndi maso a mlendo wodutsa, amene anali kufuna njira ya malonda, namva zambiri kudzera mwa omasulira.

Amishoni a UMCA anayamba ntchito ku Magomero mu 1861. Bishopu Charles Mackenzie anamwalira pa 31 January 1862 pafupi ndi pamene Ruo amathira mu Shire, ndipo otsalawo anatsikira kwa Chibisa m'chaka chomwecho. Inali nthawi ya njala yoopsa ndi nkhondo za ogwira akapolo. Henry Scudamore ndi John Dickinson anamwalira mu 1863, ndipo manda awo ali pafupi ndi Chikwawa. M'masautso amenewo Lovell Procter ndi anzake anali kulemba mawu a Chimang'anja monga anawamva pakamwa pa anthu. Kuchokera m'zolemba zotere munatuluka kabuku ka galamala ndi mawu a Chimang'anja mu 1875. Kabukuko n'kochepa, ndipo khutu la olembawo linali lisanazolowere. Koma munthu wofuna kudziwa mmene makolo a kuno anali kulankhulira zaka 160 zapitazo alibe mboni zambiri zoposa imeneyi.

Buku lalikulu koposa onse linatuluka ku Edinburgh mu 1892. Mlembi wake anali David Clement Scott, m'busa wa mishoni ya Blantyre, yemwe anamanganso tchalitchi cha St Michael and All Angels. Dzina la bukulo ndi A Cyclopaedic Dictionary of the Mang'anja Language, ndipo lili ndi masamba oposa 700. Ubwino wake ndi wakuti Scott sanakhutire ndi kulemba liwu ndi tanthauzo lake chabe. Pansi pa liwu anaika ziganizo zenizeni za anthu, miyambi, ndi mafotokozedwe a miyambo, magule, misampha ndi ntchito za manja. Munthu akalitsegula kufuna liwu limodzi, amapezeka kuti wawerenga masamba atatu. M'bukuli muli mawu a osula, a oomba nsalu ndi a alenje amene achinyamata a masiku ano sawamvanso, chifukwa ntchito zake zinachepa.

Zofooka zake zilipo ziwiri, ndipo siziyenera kubisidwa. Choyamba, mafotokozedwe ake ali m'Chingerezi, choncho eni chinenero ambiri sangathe kudya za m'munda wawo womwe. Chachiwiri, pa chikuto pali dzina la Scott yekha. Amuna ndi akazi amene anakhala naye pansi masiku ambiri, namuuza mawu ndi miyambi imeneyo, sadziwika kwa wowerenga wa lero monga amadziwikira Heminges ndi Condell. Mutu umodzi susenza denga, ndipo denga la bukuli linasenzedwa ndi mitu yambiri ya Amang'anja.

Mu 1929 Alexander Hetherwick anakonzanso bukuli, naonjezamo mawu, nalitcha Dictionary of the Nyanja Language. Ambiri amene analandira latsopanoli anayesa kuti lakale latha ntchito, monga anayesera a ku Oxford aja. Koma pa chikuto chatsopano dzina la Chinyanja linakhala patsogolo, la Chimang'anja linabwerera m'mbuyo. Ndipo mu 1968 boma la Malawi linasankha dzina la Chichewa. Buku la 1892 ndilo limachitira umboni kuti chinenero cha anthu a m'mbali mwa Shire chinali ndi buku lalikulu lotchedwa ndi dzina lawo. Ichi ndi chifukwa chenicheni chosungira buku loyamba ngakhale lachiwiri litatuluka: lachiwiri limanena zimene wokonza anafuna, loyamba limanena zimene zinalipo.

Kabuku koyenera ulemu wapadera ndi Mbiri ya Amang'anja, kolembedwa ndi E. W. Chafulumira, kamene kanatuluka ku Zomba mu 1948. Pano wolemba ndi mwana wa dziko lino, wolembera anzake m'chinenero chawo, za mafumu awo akale monga Kaphwiti ndi Lundu, ndi za Mbona. N'kochepa, ndipo sikangathe kusenza mbiri yonse ya mtundu. Mafumu ndi mabanja ena ali ndi kafotokozedwe kawo kosiyana. Koma timabuku totere, totsika mtengo, topita m'manja mwa ana a sukulu, ndito timayamba kutha, chifukwa palibe amene amatiyesa chuma.

Phindu la kusunga zinthu zoterezi linaoneka pambuyo pake. Wansembe Matthew Schoffeleers, amene anagwira ntchito m'chigwa muno, anatulutsa buku la River of Blood mu 1992, naikamo nkhani za Mbona wa ku Khulubvi monga anazinena anthu osiyanasiyana, kuti wowerenga aziyerekeze yekha. Elias Mandala, Mmalawi wolemba mbiri, anatulutsa mu 1990 buku lonena za alimi a m'chigwa chino kuyambira 1859 mpaka 1960, za minda ya mphala ndi ya dimba, za thonje ndi msonkho. Onse awiri anamva kwa akulu a m'midzi, natsamiranso pa zolemba zakale zimene ena anazisunga asanabadwe iwo.

Adani a buku m'chigwa

Ku England buku likhoza kukhala pa alumali zaka 400. Kuno adani ake ndi ambiri. Kutentha kwa mwezi wa October kumaumitsa pepala mpaka kumathetheka. Chinyezi cha dzinja chimabweretsa nkhungu. Chiswe chimakwera khoma usiku umodzi, mphemvu zimadya zomatira, makoswe amakonza zisa ndi masamba. Pamwamba pa zonsezi pali madzi. Mu January 2015 madzi osefukira anamiza midzi ndi masukulu ku Makhanga ndi malo ena ambiri, ndipo mu March 2023 namondwe wa Freddy anabweretsanso chionongeko. Banja lothawa madzi usiku limanyamula ana ndi ufa. Palibe angalidzudzule chifukwa chosiya buku.

Ngakhale nyumba zazikulu sizitetezeka kotheratu. Mu 1919 moto unatentha maofesi a boma ku Zomba pamodzi ndi zolemba za zaka zoyamba za ulamuliro wa Angerezi. Mu December 2015 moto unanyeketsa nyumba ya mabuku ya pa yunivesite ya Mzuzu, ndipo munapsa mabuku pafupifupi 45,000. Chifukwa chake si bwino kuti buku losowa likhale pamalo amodzi okha. Masewero a Shakespeare anapulumuka chifukwa anamwazikana m'nyumba zambiri.

Zimene wowerenga angachite

Munthu amene wangophunzira kuwerenga ali ndi mphamvu imene wophika wa Warburton analibe: akhoza kuyang'ana pepala, nadziwa chimene lili. Akapeza buku lakale, ayambe watsegula tsamba loyamba, pamene pali dzina la buku, la mlembi, malo osindikizira ndi chaka. Tsamba limeneli ndilo nkhope ya buku, ndipo buku lotaya tsambali limavuta kulizindikira. Akaona malembedwe achilendo, monga antu m'malo mwa anthu, kapena cinthu m'malo mwa chinthu, asaganize kuti olemba anali mbuli. Umo ndimo anali kulembera kale, malamulo a kalembedwe a 1973 asanabwere, ndipo ndi chizindikiro chakuti bukulo ndi lakale ndithu.

Buku lotere lisungidwe m'bokosi lachitsulo lotseka bwino, lokwezedwa pa nsanja, losagunda khoma. Masamba ouma a mtengo wa nimu, umene uli wochuluka m'chigwa muno, amathandiza kuingitsa tizilombo. Tsamba long'ambika lisamatidwe ndi phala, chifukwa phala limaitana mphemvu. Buku likanyowa, liimikidwe chotsegula pamthunzi podutsa mphepo, osati padzuwa. Dzina la mwini wakale likakhala m'katimo, lisafutidwe, pakuti limanena ulendo umene bukulo layenda. Pamene mitambo yaopseza, bokosilo lipite kwa abale a kumtunda madzi asanafike.

Wowerenga achenjerenso pa za ndalama. Buku la Macbeth limene mwana anabwera nalo kuchokera ku sekondale silingagulitsidwe mamiliyoni, chifukwa otere anasindikizidwa ambirimbiri. Phindu lake lili m'kuliwerenga basi. Kabuku ka Chimang'anja kapena ka Chisena ka zaka 80 zapitazo nakonso mwina sikangapeze wogula wa ndalama zambiri, koma n'kosowa kwenikweni. Mlendo akabwera nafuna kukagula, mwini wake asafulumire. Ayambe wafunsa aphunzitsi, ndipo ngati nkotheka akaonetse ku nyumba yosungira zolemba zakale za dziko ku Zomba, kapena ku nyumba ya mabuku ya Society of Malawi ku Mandala, mu mzinda wa Blantyre. Masiku ano masamba akhoza kujambulidwa ndi foni, kotero kuti buku likhale kwa mwini wake, mawu ake nafika kwa ambiri.

Tsono khalidwe la osunga mabuku akale a Chingerezi likayesedwa, mbali yake ina ipezeka yopepuka ndipo ina yolemera. Kupikisana pa mitengo, kubisa buku m'chipinda, ndi kunyadira chikuto chimene mwini wake sanachitsegulepo, zimenezi anthu a m'chigwa cha Shire alibe chifukwa chozitsanzira. Choyenera kutengako ndi mtima wa Heminges ndi Condell, amene anaona kuti mawu a mnzawo ali pafupi kutayika, nachitapo kanthu nthawi ikadalipo. Madzi akatayika saoleka. Tsiku lina bokosi lachitsulo likadzatsegulidwa pambuyo pa maliro, pakhale mmodzi mwa abale, wodziwa kuwerenga, amene adzatola kabuku ka pansi paja, nadzawerengera ana tsamba lake loyamba.